Mmene gulu la zisudzo la ku Mulanje kapena ku Thyolo lingapezere oonera pakati pa mafilimu akunja

Kuyambira mu Januwale 2016, pamene kampani ya Netflix inatsegula ntchito zake m'maiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Malawi, achinyamata okonda zisudzo akhala akudandaula kuti mafilimu akunja awalanda oonera. Dandauloli lili ndi maziko ake, koma nthawi zambiri limagwetsa ulesi anthu omwe akanatha kuchitapo kanthu ndi zochepa zomwe ali nazo. Malangizo ali m'munsimu ndi a gulu lomwe lili ndi foni imodzi yojambula bwino, anthu asanu kapena khumi odziwa kusewera, ndi ndalama zosakwanira kugula kamera, koma likufuna kuti anthu a pa Chitakale, pa Luchenza ndi pa Bvumbwe azifunsa okha kuti gawo lotsatira lituluka liti.

Yambani mwadziwa amene mukupikisana naye

Netflix, Prime Video ya kampani ya Amazon, ndi Showmax yomwe inayamba ku South Africa mu 2015, zonse zinakonzedwera munthu wokhala ndi intaneti yodalirika komanso njira yolipirira mwezi ndi mwezi. Kuonera Netflix kwa ola limodzi pa mlingo wapakati wa chithunzi kumadya pafupifupi gigabaiti imodzi, ndipo chithunzi chikakhala chowala kwambiri kumafika pa magigabaiti atatu. Malipiro ake amadutsa pa khadi la kubanki lotha kulipira kunja, ndipo ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira m'madola chinakwera mtengo usiku umodzi. Pa anthu oposa 680,000 omwe kalembera wa 2018 anawapeza ku Mulanje, ndi oposa 720,000 a ku Thyolo, omwe angakwanitse zonsezi mwezi uliwonse ndi ochepa ndithu.

Izi sizikutanthauza kuti mafilimu a makampaniwa safika kumudzi. Amafika, koma amadzera njira ina. Wina mumzinda amawakopera pa intaneti, ma DJ amawamasulira m'Chichewa ndi nthabwala zawo, kenaka amagulitsidwa pa timashopu tobena nyimbo, pomwe munthu amapereka memore khadi yake ndi ndalama pang'ono n'kubwerako ndi magawo makumi awiri a filimu ya ku Korea, ku India kapena ku Nigeria. Enanso amaonetsedwa m'mavidiyo sho a pamsika. Mpikisano weniweni wa gulu lanu uli pamenepa, pamodzi ndi timakanema ta pa TikTok ndi pa Facebook tomwe anthu amatumizirana.

Choncho musanalembe chiganizo chimodzi cha sewero, pitani pa Limbuli kapena pa Nkando tsiku la msika, mukakhale kwa maola angapo pafupi ndi mnyamata wobena mafilimu. Mukamvetsere zimene anthu akuitanitsa, amene akuitanitsawo ngati ndi amayi, anyamata a kabaza kapena ana asukulu, ndiponso chimene amanena akabwera kudzadandaula kuti filimu ija sinawasangalatse. Mukalowenso mu vidiyo sho, osati kukaonera filimu, koma kukaona pomwe anthu amaseka, pomwe amayamba kucheza ndi anzawo, ndi pomwe amatuluka kukagula mtedza. Kafukufuku ameneyu salira ndalama, komabe magulu ambiri amamudumpha chifukwa amaganiza kuti akuwadziwa kale anthu akwawo.

Pali chiyembekezo chimodzi chofunika kuchiika pambali msanga, chakuti tsiku lina Netflix idzagula sewero lanu. Kampaniyi inanena yokha kuti pakati pa 2016 ndi 2022 inaika madola 175 miliyoni pa mafilimu a ku South Africa, Nigeria ndi Kenya, ndipo gawo lalikulu linapita ku South Africa. Prime Video nayo kumayambiriro kwa 2024 inachepetsa kwambiri ntchito yolipirira mafilimu atsopano a mu Africa. Ndalama za makampaniwa zimatsata maiko omwe ali ndi anthu ambiri olipira, ndipo akaona kuti phindu silikubwera amatembenuka mosachedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo oonera omwe muli nawo pafupi ndi anthu a m'maboma awiriwa pamodzi ndi abale awo omwe ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg.

Nkhani ndi chiyankhulo

Apa ndi pamene pali mphamvu yanu yonse, ndipo ndi pofunika kutherapo nthawi yambiri kuposa pena paliponse. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Kasungu, inatuluka pa Netflix mu 2019 motsogozedwa ndi Chiwetel Ejiofor, ndipo inajambulidwa kuno ku Malawi ndi zipangizo zomwe gulu lanu silingazipeze. Komabe Amalawi ambiri atayiona anakambirana kwambiri za katchulidwe ka Chichewa ka osewera ena akunja, omwe anachiphunzira chifukwa cha filimuyo. Ndalama zimagula kamera, magetsi ndi ndege zojambulira, koma mayankhulidwe a mayi wa kwa Mabuka akamakalipira mkamwini wake pofika ataledzera, mosakaniza Chichewa ndi mawu a Chilhomwe, amawatha ndi munthu amene anakulira pomwepo.

Sankhani nkhani yomwe munthu wa kuno angayizindikire pa mphindi yoyamba. Moyo wa pa esiteti ya tiyi uli ndi nkhani zosatha: wothyola tiyi amene akukayikira sikelo, kapitawo amene ali pakati pa mabwana ndi abale ake omwe amawayang'anira, ngongole ya katapila yomwe imadikira tsiku la malipiro, ndi banja lomwe likukhala m'nyumba ya kampani osadziwa kolowera ntchito ikatha. Kuchepa kwa malo olima, komwe ndi vuto lakalekale ku Thyolo ndi ku Mulanje, kukakumana ndi mwambo wa chikamwini kumabala mikangano yomwe aliyense anaionapo, monga ya mwamuna amene wamanga nyumba ya malata pamudzi pa mkazi wake, ndiye mkaziyo wamwalira, eni mbumba akumuyang'ana. Palinso malonda a m'malire a pa Muloza, anyamata onyamula katundu wa alendo okwera ku Sapitwa, ocheka mkungudza mozemba, ndi nkhani za mizimu ya m'phiri zomwe agogo amasimba, monga ya chakudya chomwe munthu amachipeza panjira ndipo sayenera kuitana mnzake kuti adye naye. Za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 mukhoza kuzikhudza, koma mosamala kwambiri, poti ena mwa oonera anu anataya ana ndi makolo m'matope amenewo ndipo sangalandire nthabwala pa nkhaniyo.

Esiteti, sukulu, chipatala kapena mudzi wa mu sewero lanu muupatse dzina lopeka, ndipo musatengere nkhani ya banja lodziwika mwakuti anthu a m'deralo n'kuloza kuti akunena uje. Milandu yoipitsa mbiri ya munthu yathetsapo maubale, ndipo gulu laling'ono silingapirire mlandu wa kukhoti.

Chinthu china chomwe chimapha masewero athu ndi ulaliki. Chifukwa chakuti kwa zaka zambiri ndalama za zisudzo zakhala zikuchokera ku mabungwe ofalitsa mauthenga a zaumoyo ndi chitukuko, olemba ambiri anazolowera kuti pamapeto pake pabwere mlangizi kapena mfumu yodzafotokoza phunziro la nkhaniyo. Munthu amene wagula bandulo ndi ndalama yake ya ganyu sakufuna kulangizidwa, akufuna kudziwa ngati mkamwini uja athamangitsidwe kapena ayi. Mafilimu akunja amamugwira chifukwa gawo lililonse limatha nkhani ili pakati, ndipo luso limenelo mukhoza kulitengera popanda kutengera nkhani zawo.

Gawo limodzi likhale la mphindi 8 mpaka 12. Lembani magawo osachepera asanu ndi limodzi musanayambe kujambula, ndipo mukambirane pagulu momwe nkhani yonse idzathere, chifukwa sewero lolemba gawo limodzi pa sabata limasochera wosewera mmodzi akangosamuka kupita kukafuna ntchito kutauni. Polemba, siyani mpata woti osewera ayankhule momwe amayankhulira kwawo, koma mfundo ya chochitika chilichonse ikhale yolembedwa, kuopa kuti kukambirana kwa mphindi imodzi kungatalike n'kufika mphindi zisanu.

Pojambula, mawu ndiwo oyamba

Oonera amakhululuka chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva zomwe wosewera wanena amatseka kanemayo nthawi yomweyo. Ngati gulu lili ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, ligule timaikolofoni tomata pakolala, ndipo likalephera, foni yachiwiri ibisidwe m'thumba la malaya a woyankhulayo kuti ijambule mawu paokha. Pachiyambi pa chochitika chilichonse wina awombe m'manja kamodzi kamera ikuona, kuti polumikiza mawu ndi chithunzi mudzakhale ndi poyambira. Musanasankhe malo, imani pamenepo mwakachetechete kwa mphindi ziwiri ndi kumvetsera: chigayo chomwe simunachizindikire, njinga zamoto za kabaza, wailesi ya pa grosale, ndi mphepo yotsika m'phiri, zonsezi maikolofoni imazitola kuposa khutu. M'nyumba ya malata musajambule mvula ikugwa, ngakhale yowaza.

Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa ndi kwa madzulo dzuwa litapendeka. Masiku a chiperoni, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mitambo imafewetsa kuwala ndipo nkhope zimaoneka bwino kwambiri, koma nyengoyi imasintha mwadzidzidzi, motero chochitika chimodzi muchimalize tsiku lomwelo kuti phiri lisaoneke pa chiganizo china n'kusowa pa chiganizo chotsatira. Mukhale ndi munthu mmodzi wolemba m'kope zovala za wosewera aliyense, mpango womwe wavala ndi dzanja lomwe wanyamulira dengu, pakuti oonera a kuno ali ndi maso akuthwa pa zoterezi. Foni yojambulira ikhale pa chopondera chosagwedezeka, itsekedwe kuti isalandire mafoni, ndipo pakhale mabatire osungira moto okwanira tsiku lonse. Sewero lenileni lijambulidwe foni itagona chopingasa kuti lidzakwanire pa wailesi ya kanema, koma tizidutswa toitanira anthu pa TikTok mujambule padera foni itaima.

Zilolezo musazione ngati zotaya nthawi. Pamudzi yambani mwakaonekera kwa a nyakwawa kapena a gulupu, muwafotokozere nkhani yonse, makamaka ngati muli chochitika cha maliro kapena cha kumanda. Minda ya tiyi ili ndi eni ake, ndipo kujambulamo kumafuna kalata yochokera ku ofesi ya esitetiyo, pomwe m'nkhalango ya phiri la Mulanje, lomwe mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse lapansi, muyenera kudzera kwa a zankhalango monga a pa Likhubula. Wosewera aliyense asaine kalata yovomera kuti nkhope ndi mawu ake zigwiritsidwe ntchito, ndipo mwana amusainire kholo lake. Filimu yokaonetsedwa pagulu kapena kugulitsidwa imayenera kudutsa ku bungwe la boma lounika mafilimu la Censorship Board kuti liipatse mlingo wa zaka za oonera.

Nyimbo za oimba ena musaziike mu sewero popanda chilolezo cholembedwa. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza eni nyimbo, bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi, ndipo makina a YouTube ndi Facebook amazindikira okha nyimbo yolembetsedwa n'kutseka mawu a kanema wanu kapena kupereka phindu lake kwa mwini nyimboyo. Njira yabwino ndi kugwirizana ndi woimba wa m'dera lanu kuti akupekereni nyimbo yanuyanu, kapena kujambula ng'oma za gulu la tchopa mutamvana nalo za malipiro, ndipo mgwirizanowo ulembedwe.

Fayilo yopepuka ndi njira zofikitsira

Mukamaliza kulumikiza zithunzi pa CapCut kapena pa pulogalamu ina, tulutsani makope awiri. Loyamba likhale lowala kwambiri, losungidwa m'malo awiri osiyana, ndipo lisamayendeyende. Lachiwiri lichepetsedwe, mwachitsanzo ndi pulogalamu yaulere ya pa kompyuta ya HandBrake, kufika pa mlingo wotsikirapo wa chithunzi wotchedwa 480p, kuti gawo la mphindi khumi lisapitirire mamegabaiti 50. Kenaka liyeseni pa foni yotchipa ya sipika yaing'ono, mutaima panja pomwe pali phokoso, chifukwa umo ndi momwe ambiri adzalionere. Ngati mawu sakumveka pamenepo, bwererani mukawakonze musanatulutse.

Makampani a TNM ndi Airtel amagulitsa mabandulo apadera a WhatsApp ndi Facebook otsika mtengo poyerekeza ndi a intaneti yonse, choncho gawo lililonse liikidwe mwachindunji pa tsamba la Facebook la gulu ndi kutumizidwa pa WhatsApp, osangopereka chilozero chopita ku YouTube chomwe wa bandulo ya Facebook sangachitsegule. Pa YouTube ikanipo kope lowala bwino lokhala ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, poganizira ana a Amalawi okhala kunja ndi anthu a maiko ena. Chichewa chimamvekanso kutsidya kwa Muloza ku Milange ku Mozambique, komanso m'chigawo cha Tete, ndi kum'mawa kwa Zambia, ndipo awa ndi oonera omwe magulu ambiri sawawerengera.

Tsiku lotulutsa gawo likhale limodzi sabata iliyonse, ndipo lisasinthe. Kuti zimenezi zitheke, musatulutse gawo loyamba musanamalize kukonza magawo anayi, popeza magetsi adzazima, wosewera adzadwala, ndipo maliro adzagwa pamudzi sabata yomwe munafuna kujambula.

Za anyamata obena mafilimu, maganizo anga ndi akuti kulimbana nawo n'kutaya mphamvu. Sewero likakoma lidzakopedwa basi, ndipo palibe loko yemwe angaletse fayilo kuchoka pa foni ina kupita pa ina. Chanzeru ndi kuwapititsira nokha kope labwino tsiku lomwe gawo latuluka, kumvana nawo kuti aziliika pa memore khadi ya aliyense wobwera, ndi kuonetsetsa kuti dzina la gulu, nambala yake ya foni ndi uthenga wa amalonda okuthandizani zalembedwa mkati mwa chithunzi chenichenicho, momwe sizingadulidwe popanda kuononga nkhani. Mukatero, kukopa kulikonse kumakhala kukufalitsirani ntchito.

Kumene ndalama zingachokere

YouTube imayamba kugawana ndalama za malonda ndi mwini tsamba akafikitsa omutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonedwa m'miyezi khumi ndi iwiri, komanso ngati dziko lake lili pa mndandanda wa maiko ololedwa, ndipo kwa zaka zambiri Malawi sanali pa mndandandawo. N'chifukwa chake ena amalembetsa masamba awo kudzera mwa abale okhala ku South Africa kapena kwina. Njirayi ili ndi ngozi yakuti tsambalo mwalamulo limakhala la amene walilembetsa, ndipo ubale ukasokonekera gulu limataya oonera onse omwe linawasonkhanitsa. Ndalama za kumeneko muziwerenge ngati zongoonjezera.

Zodalirika zili pafupi. Wogulitsa zipangizo za ulimi, sukulu yoyima payokha, malo ogona alendo a m'mphepete mwa phiri, kapena shopu ya mafoni pa Thyolo boma, onsewa amafuna kudziwika kwa anthu omwewo omwe akuonera sewero lanu. Musapite kwa iwo ndi lonjezo, koma ndi magawo atatu otuluka kale ndi chiwerengero cha oonera chomwe angachione okha pa foni. Malonda awo alowe mu nkhani mwachibadwa, monga wosewera kukagula mbewu pa shopuyo, koma asalamulire momwe nkhani ithere. Njira ina ndi gulu la pa WhatsApp la olipira kandalama kochepa pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti aziona gawo masiku awiri ena onse asanalione, ndipo abale okhala kunja ndiwo amakonda kulowa m'magulu otere. Magawo onse akatha, alumikizeni kukhala filimu imodzi yokaonetsa mu holo ya sukulu kapena ya tchalitchi pa mtengo wolowera, ndipo tsikulo ligwe kumapeto kwa mwezi antchito a m'maesiteti atalandira, kapena nyengo yomwe alimi akugulitsa nandolo. Mwezi wa Okutobala, pomwe anthu ambirimbiri amasonkhana pa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndi nthawi yabwino yodziwitsa anthu za sewero latsopano, mutapempha chilolezo kwa okonza mwambowo.

Ndalama yoyamba isanalowe, gulu likhale pansi ndi kulemba momwe lidzagawanire, kuchuluka kwa zotsala m'thumba la gulu, mwini wa foni ndi maikolofoni zogulidwa ndi ndalama za onse, ndi amene akusunga mawu achinsinsi otsegulira masamba a pa intaneti, omwe ayenera kudziwika kwa anthu osachepera awiri. Magulu ambiri amapirira umphawi limodzi koma amapasuka mwezi womwe wamalonda woyamba walipira.

Wailesi za kanema monga MBC, Times, Zodiak ndi Mibawa zimafuna mapulogalamu a m'dziko momwe muno, ndipo sewero lomwe lili kale ndi otsatira limakhala ndi poyambira pokambirana. Pamgwirizano uliwonse, kaya ndi wailesi kaya ndi kampani ya pa intaneti, werengani mfundo zitatu mosamala: utenga nthawi yaitali bwanji, ukukhudza maiko ati, ndiponso ngati ukukuletsani kuonetsa sewerolo kwina. Perekani chilolezo choonetsa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, koma umwini wa sewero ukhalebe wa gulu. Mafilimu a Chimalawi anadziwikapo kunja kudzera m'mipikisano, monga Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula yomwe inapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016, ndi The Road to Sunrise ya Shemu Joyah mu 2018, ndipo okonza mipikisano yotere amafuna kope lowala bwino, mawu a Chingerezi a m'munsi, ndi umboni wakuti nyimbo ndi nkhope zonse zili ndi chilolezo. Ichi n'chifukwa chake makalata aja ndi kope loyamba lija ziyenera kusungidwa bwino kuyambira gawo loyamba.

Netflix silandira mafilimu otumizidwa mwachisawawa ndi munthu aliyense, koma imadzera mwa makampani ogawa mafilimu ndi nthumwi zomwe imagwira nazo kale ntchito. Munthu akakulemberani pa Facebook kuti mumutumizire ndalama yolembetsera kuti sewero lanu lilowe pa Netflix, musamutumizire kanthu, ndipo musamupatse kope lowala lija. Wogawa mafilimu weniweni amakhala ndi kampani yolembetsedwa, amatha kukuonetsani mafilimu omwe anagulitsapo kale, ndipo amakupatsani mgwirizano wolembedwa womwe mungapite nawo kwa loya kapena ku bungwe la Film Association of Malawi kuti akuthandizeni kuuwerenga musanasaine.